Masamba pa Msewu wa Likongwe

Padangotero, ndipo amene muli nane munene kuti tili tonse.

Panali mayi wina wa mtundu wa Mfuko, mfunda wawo a Nachisale. Monga a Mfuko onse, maso awo ankangosiyanitsa kuwala ndi mdima basi. Koma makutu anali nawo. Ndipo mayi osaonawa ndi amene ankakonda kanema kuposa nyama zonse za m'dera lawo.

Loweruka lililonse masana ankapita kwa Aphunzitsi Nkhanga, amene anali atapuma ntchito ndipo ankatulutsira wayilesi yawo ya kanema pakhonde. A Nachisale ankayala kansalu pafupi ndi sipika n'kukhala. Aphunzitsi ankawauza zimene zikuoneka, iwo n'kumawauza Aphunzitsi zimene zikumveka. Wachitatu pakhondepo anali Gulo, mlonda wa pasitolo, amene ankagwedezera mutu chilichonse ngakhale chimene akutsutsa.

Chimene ankatsatira chinali mpikisano womanga ndi tinjerwa toseweretsa, tapulasitiki tija tokhala ndi timano pamsana, toti ukakanikiza kena pa kanzake timalumana. Omanga ankapikisana awiriawiri, ndipo sabata iliyonse awiri ankabwerera kwawo. Mwana mmodzi yekhayo wa a Nachisale, dzina lake Tsalani, anali mumpikisanowo pamodzi ndi mtsikana wina wochenjera, Likongwe.

Awiriwa ntchito ankagawana chonchi: Likongwe ankaganiza chomanga n'kumaika tinjerwa pamalo pake, Tsalani n'kumakanikiza ndi zikhatho zake zokumbira zija. Kanjerwa kamene Tsalani wakanikiza kankalira kuti tcha! ndipo palibe ankatha kukachotsa popanda kugwiritsa mano. Pomanga ankaimba. Tsalani ankatsogola, kufunsa kanjerwa kuti kagona kuti, ndipo Likongwe ankavomera kuti kagona pamsana pa kanzake. Nyimboyo inalibe mawu ena, koma akaiyamba nyumba inkakwera ngati ikumera. Pakhonde pa Aphunzitsi, a Nachisale ankawerenga ma tcha a mwana wawo pakati pa phokoso la omanga onse, osaphonya ndi limodzi lomwe.

Kutatsala masabata atatu kuti mpikisano uthe, Tsalani anadwala Lachiwiri. Lachisanu anamuika m'manda.

A ku kanema sanabwere kumaliro. Anabwera Likongwe yekha. Anatunga madzi, anatsuka mbale, anagona pansi ndi azimayi ena, osalankhula zambiri. Potsazika anagwada pafupi ndi a Nachisale n'kunena kuti, "Amayi, Loweruka lomaliza musadzajombe. Mudzakhale pafupi ndi sipika."

"Ndimakhala pomwepo nthawi zonse, mwanangu."

"Mudzasendere pang'ono."

Loweruka lotsatira, woulutsa mpikisanowo, Bambo Khwangwala wa kolala yoyera, anangolengeza kuti, "Lero Likongwe amanga yekha!" ngati mnzakeyo wapita kukagula mchere. Akuluakulu a kanema anali ataika lamulo: pulogalamu iyi ndi yachisangalalo, ndipo womanga aliyense wotchula za maliro achotsedwa pomwepo. Dzina la Tsalani analifufuta pabolodi. Aphunzitsi anaziwerenga zimenezi m'nyuzipepala, anazengereza masiku awiri, kenako anawauza a Nachisale.

A Nachisale sanadandaule. Koma Loweruka lililonse ankadikira mpaka kumapeto kwenikweni, pamene Khwangwala ankatsazika oonera kuti tsalani bwino. Ankadziwa kuti sakunena mwana wawo. Ankalitola dzinalo chomwecho, monga mmene munthu amatolera njere ya chimanga yogwa m'thumba la mwini wake, n'kupita nalo kunyumba. Chimene ankafuna chinali chimodzi: kuti pa kanema amene mwana wawo anamangapo masabata khumi, wina atchule dzina lake akudziwa kuti akutchula munthu.

Linafika Loweruka lomaliza. A Nachisale anayala kansalu kawo, n'kusendera pang'ono.

"Lero ndiye lero," anatero Gulo akugwedeza mutu. "Injiniya Nantchengwa atenga chikho dzuwa lisanapendeke. Munthu uja nyumba yake yeniyeni ili ndi zipinda zoti mlendo amasochera."

"Mpira sunayambe, a Gulo," anatero Aphunzitsi.

"Ndikungokonzekeretsa mitima yanu, Aphunzitsi. Anachisale, musandikwiyire. Mtsikana wanuyo ndi wochenjera, koma manja awiri ndi awiri basi."

"Ndamva," anatero a Nachisale.

Pa kanema, Khwangwala anafotokoza za tsikulo. Otsala anali magulu atatu: Injiniya Nantchengwa ndi akazi awo, Kapitawo Chiswe ndi mng'ono wake, ndi Likongwe. Aliyense amange nyumba ndi msewu wofika pakhomo pake. Akatha, nyumbazo ziyesedwa katatu: ndi mphepo, ndi madzi, ndi chivomezi. Woyesa aliyense adutsa kamodzi kokha panyumba iliyonse. Imene itsale chiimire ndiyo yapambana, ndipo woweruza ndi Jaji Ng'azi. Zonsezi zinkaulutsidwa zikuchitika, popanda kudula.

Belu linalira. Tinjerwa tinayamba kusokosera.

A Nachisale anapendeketsa mutu. Anamva a Nantchengwa akukalipirana za denga. Anamva a Chiswe akumanga mwakachetechete ngati mvula yowaza. Kenako anamva Likongwe, ndipo mtima wawo unatsika. Tinjerwa take sitinkalira kuti tcha. Tinkangoti tse, tse, kukhala pamwamba pa tinzake osalumana.

"Ikuoneka bwanji?" anafunsa.

"Ndi yokongola," anatero Aphunzitsi. "Yaing'ono, ya khonde kuzungulira. Khomo ndi lalifupi, lotakasuka m'mbali."

Khomo lalifupi lotakasuka m'mbali ndi khomo la a Mfuko. A Nachisale anangoti, "Sikulumana. Ntchentche itatera padenga igwa."

Pamenepo Likongwe anayamba kuimba. Koma sanayambire poyambira. Anakhala chete kwa kamphindi, kenako n'kuvomera kuti kagona pamsana pa kanzake. Chetenso, n'kuvomeranso. Funso panalibe, yankho lokha.

"Ha! Waiwala nyimbo!" anaseka Gulo. "Mantha amenewo. Akuimba theka ngati wayilesi yotha mabatire."

A Nachisale anayeza kutalika kwa kachetechete kaja. Kanali kokwana ndendende mawu a Tsalani, ndi mpweya umene ankakoka asanayambe.

"Sanaiwale," anatero.

Belu linaliranso, kumanga kunatha. Khwangwala anaitana woyesa woyamba, Kaputeni Nkhwazi wa asilikali a m'mlengalenga.

Kaputeni anaima patsogolo pa chinyumba cha a Nantchengwa n'kukupiza mapiko. Chimuni inauluka, koma nyumba inatsala. Anapita pa nsanja ya a Chiswe, inapendekeka pang'ono n'kuima. Kenako anafika kwa Likongwe.

"Yathapo iyi," anatero Gulo.

Mawu a Likongwe anamveka, aulemu ngati a mwana wa sukulu. "Bwana Kaputeni, ndingalankhule?"

"Fulumira."

"Ine ndi mwana, sindidziwa zambiri. Koma ndinkaonera pagalasi lija la kumbaliko pamene munkakupiza kwa anzangawa. Kamera inangotenga pachifuwa pokha. Mapiko sanaoneke."

"Sanaoneke?"

"Ndi aakulu kwambiri, bwana, sakukwana. Kwanu akuonera, eti? Ndiye angoona mabatani a yunifolomu."

Kaputeni anacheuka.

"Akubwerera m'mbuyo," ananong'ona Aphunzitsi. "Akuyang'ana pagalasi. Akubwereranso."

"Apa?" anafunsa Kaputeni.

"Nsonga ya phiko lamanzere ikubisikabe, bwana."

"Apa nanga?"

"Eyaa! Pamenepo! Mayo, koma mapiko!"

Kaputeni Nkhwazi anakupiza ali kukhoma la kumapeto kwa holo, mapiko onse awiri akuoneka bwinobwino, mutu atautembenuzira ku kamera. Mphepo imene inafika panyumba ya Likongwe sikanazimitsa ndi machesi omwe.

"Kuba kumeneko!" anakuwa Gulo, mutu ukuvomereza.

Jaji Ng'azi anatulutsa lilime, n'kulibweza. "Lamulo likuti woyesa akupize kamodzi. Silikunena poima. Tipitirize."

Anapatsidwa mphindi khumi zokonza zowonongeka. A Nantchengwa anabwezera chimuni akulozana zala. Likongwe analibe chokonza, koma anazungulira nyumba yake akukanikiza ndi timanja take, tse, tse, ndipo anaimbanso: kachetechete, yankho, kachetechete, yankho. Aphunzitsi atacheuka anaona milomo ya a Nachisale ikuyenda m'malo opanda mawu aja. Anabweza maso ku kanema msanga.

Woyesa wachiwiri anali Abusa Mvuu. Ntchito yawo inali yomwa madzi odzaza m'kamwa kuchokera mumgolo n'kuwalavulira panyumba, kamwa limodzi nyumba imodzi. Kwa a Nantchengwa madzi anagumula khonde lonse. Kwa a Chiswe anakokolola msewu theka. Abusa anabwerera kumgolo, anadzaza masaya mpaka maso kuchepa, n'kulunjika kwa Likongwe.

"Tione ngati awanso akufuna kamera," anatero Gulo.

"Mtsikana wagwada," anatero Aphunzitsi. "Wagwada pakati pa njira, manja pamodzi."

"Mwaswera bwanji, Abusa?" anamveka Likongwe.

Panangomveka kaphokoso ka kukhosi.

"Abusa, mwaswera bwanji? Amayi kunyumba ali bwanji? Mwendo uja unapola?"

Tsono Abusa Mvuu analeredwa bwino. Pa moyo wawo wonse anali asanadutsepo mwana wogwada wopereka moni osamuyankha, ndiye ayambe lero, mpingo wonse ukuonera? Anayang'ana kwa Jaji. Anayang'ana kwa Khwangwala. Mtsikana anali chigwadire, akudikira, mutu uli pansi.

Pasipika panamveka kuti gudyu!

"Ndaswera bwino, mwanangu, kaya iwe? Mwendo ukupola, zikomo pokumbukira."

"Ndaswera, Abusa. Mukawapatse moni."

Abusa anatembenukira kunyumba kuja n'kupemerera zimene zinatsala. Panagwa timadontho titatu pakhonde.

Aphunzitsi anaseka mpaka kugwira m'mimba. Gulo anadzuka, anazungulira mzati wa khonde, n'kudzakhalanso. A Nachisale sanaseke, koma anawongola msana.

"Ulemu wotere anauphunzira kuti?" anafunsa Aphunzitsi akupukuta misozi.

"Ankadya kwathu," anatero a Nachisale.

Ku holo kuja zinthu zinavuta. Injiniya Nantchengwa anakuwa kuti iwo anabwera kudzapikisana ndi omanga, osati ndi pakamwa. Khwangwala anathamangira kwa Jaji, ananong'onezana, kenako anabwerera akukonza kolala.

"Oonera athu okondedwa, Jaji agamula. Kuyambira pano mpaka mayeso atha, Likongwe asatulutse liwu ndi limodzi lomwe. Akangoti kukhosomola kokhala ngati mawu, wachotsedwa."

"Eyaa!" anatero Gulo. "Tsopano timange nyumba. Anachisale, pepani, koma amene akubwerawo ndi Nduna Njovu. Amene aja safuna kamera, ndipo moni ayankha akuthamanga."

A Nachisale anadziwa kuti Gulo akunena zoona. Mayeso achitatu ankawadziwa: Nduna inkathamanga motsata msewu wa nyumba iliyonse, n'kudzaponda pansi ndi mphamvu zonse pakhomo. Nyumba ya Likongwe sikanapirira ngakhale kuyetsemula kwa Nduna. Ikagwa, Likongwe abwerera kwawo chimanjamanja, pakamwa ali chitsekere, Khwangwala atsazika oonera, ndipo mpikisano wa chaka chino utha ngati munalibemo Tsalani.

Mphindi khumi zokonza zinayamba. Nyimbo panalibe. A Nachisale anasendeza khutu mpaka kukhudza sipika. Pansi pa phokoso la a Nantchengwa ndi a Chiswe anamva kanthu kena: tinjerwa tiwiri tikugundana, ka, ka-ka, ka, kenako chete, kenako ka, ka-ka, ka. Linali yankho lomwe lija, loimbidwa ndi manja, ndi malo a funso atasiyidwa.

"Akutani?" anafunsa.

"Sakukonza nyumba," anatero Aphunzitsi. "Wapita kubokosi la tinjerwa totsala. Akusankha."

"Totani?"

"Tobiriwira. Tija topangira mitengo, tooneka ngati masamba."

"Akufuna kudzala maluwa nyumba ikugwa," anatero Gulo. "Atsikana a masiku ano."

"Sakudzala," anatero Aphunzitsi pang'onopang'ono. "Wapita kumsewu. Akuwayala chopingasa, kuchokera mbali iyi kufika mbali iyo. Wapitanso kutsogolo, kupitirira nyumba, akuyalanso mzere wina."

Mutu wa Gulo, umene sunkaima ngakhale ali m'tulo, unaima.

A Nachisale anaika dzanja pansi kuti atsamire.

Belu linalira. Nduna Njovu inalowa itavala chipewa chake chachikulu cha pa zochitika za boma la nyama. Inayamba ndi a Nantchengwa. Pasipika panamveka di, di, di, di, kenako DII! ndipo chinyumba chija chinakhuthuka ngati thumba la mtedza. Inapita kwa a Chiswe. Di, di, di, DII! Nsanja inaganiza kaye, kenako inagona chammbali n'kumwazika.

"Ikatsala ya mtsikanayu yapambana," anatero Aphunzitsi. "Zikagwa zonse aona imene yatsala ndi khoma lalitali."

Nduna inabwerera poyambira msewu wa Likongwe. Di, di, di, di.

Kenako zii.

"Aima," ananong'ona Aphunzitsi. "Mwendo uli m'mwamba. Akuyang'ana pansi."

Mawu a Nduna anamveka, otsika, osiyana ndi a pamsonkhano. "Masamba awa waika ndani?"

Nduna inakweza mutu.

"Ndikufunsa. Pamsewu pali masamba. Kuli maliro kuno?"

Khwangwala anaseka kaphwete kouma. "Ayi, bwana Nduna, ndi zoseweretsa chabe izi, zokongoletsa. Pitirizani, nthawi ikutha."

"Ine ndakula ndithu, Khwangwala, koma sindinaonepo munthu akukongoletsa msewu ndi masamba opingasa mizere iwiri. Iwe mtsikana, maliro a yani?"

"Akuloza pakamwa pake," anatero Aphunzitsi. "Akuloza kwa Jaji. Tsopano akuloza Khwangwala."

"Mwanayu ndamuletsa kulankhula ndine," anatero Jaji Ng'azi. "Ndipo akatchula yekha za maliro, lamulo la eni kanema likuti achotsedwe. Koma lamulolo likunena omanga. Silikunena woulutsa. Bambo Khwangwala, Nduna yafunsa funso."

"Bwana, nkhani imeneyi tingakambe bwino tikatseka."

"Ndavula chipewa," inatero Nduna. "Sindivala mpaka ndimve amene ndamuvulira."

Khwangwala anatsitsa mapepala ake. Atayamba kulankhula, mawu ake a pa kanema aja, okwera ndi otsika ngati akugulitsa sopo, anali atachoka. Anatsala mawu wamba a khwangwala.

"Anali mnzake wa Likongwe, bwana. Anamanga nafe masabata khumi. Anatisiya masabata atatu apitawo."

"Analibe dzina?"

"Tsalani. Malemu Tsalani Mfuko. Mwana wa a Nachisale. Ndi amene ankakanikiza."

A Nachisale sanalire. Anakhala chomwecho, khutu lili pasipika, ngati munthu amene akumwa madzi atayenda ulendo wautali ndipo sakufuna kuti dontho ligwe pansi.

"Ndiuzeni," anatero.

Aphunzitsi anayang'ana ku kanema. "Nduna yagwira chipewa pachifuwa. Ikuyenda chonyang'ama. Yadutsa masamba oyamba. Yafika pakhomo, yawerama. Abusa Mvuu aimirira. Kaputeni wavula kapusi. Holo yonse yaimirira."

Njovu ikafuna kuyenda mwakachetechete, ngakhale udzu sudziwa. A Nachisale, amene ankamva nyerere ikudutsa pamphasa, sanamve phazi ndi limodzi lomwe. Anangomva mawu a Nduna akuti, "Pepani, mwanangu. Pepaninso kwa mayi ake, ngati akutimva." Kenako Nduna inadutsa masamba achiwiri, n'kuvala chipewa.

Nyumba inali chiimire.

"Sizoona!" anakuwa Injiniya Nantchengwa. "Sinayesedwe! Abwerere akaponde!"

"Woyesa adutsa kamodzi panyumba iliyonse," anatero Jaji. "Wadutsa."

"Ndiye ndikaigwedeza ndekha!"

"Akupita," anatero Aphunzitsi. "Akuthamanga ndithu. Afika pamasamba." Anadikira. "Aima. Akazi awo awagwira phiko. Injiniya avula chisoti chawo cha ntchito. Abwerera."

Gulo anatsokomola. "Injiniya ndi munthu wolongosoka," anatero. "Ndinkanena ine."

Anabweretsa chikho. Jaji anamasula pakamwa pa Likongwe n'kufunsa dzina loti alembe pachikhopo.

"Awiri, bwana Jaji," anatero Likongwe. Anali mawu ake oyamba kuchokera pamene anamuletsa kulankhula, ndipo munalibe nthabwala. "Loyamba mwalimva kale. Langa libwere pambuyo. Ine ndimavomera, sinditsogola."

Anamupatsa chikho. Chinali cholemera kwa timanja take, ndiye anachitsitsa pansi pafupi ndi khonde la nyumba ija, kuti gu. Pasipika panamveka kaphokoso kofewa, kotalika, ngati mpunga ukukhuthulidwa m'lichero.

"Yagwa!" anakuwa Gulo. "Yagwa yokha! Chikho chokha! Ndinkanena ine, Anachisale, nyumba ija inali ya malovu!"

"Inali ya malovu," anavomera a Nachisale. "Koma inadikira." Anakonza mpango wawo kumutu. "Akanakhalapo wokanikiza, a Gulo, Nduna ikanaponda mpaka kutopa. Masamba sakanafunika."

Gulo anagwedeza mutu, ndipo ulendo uno mutu ndi mtima zinagwirizana.

Ku holo kuja Likongwe anagwada pakati pa tinjerwa tomwazika n'kuyamba kutola. Akutola anaimba, mokweza tsopano, kumaso kuli ku kamera: kachetechete, kenako yankho. Pa kachetechete kachiwiri, pakhonde pa Aphunzitsi panamveka mawu aang'ono, osasa, a munthu amene sanaimbe kuyambira tsiku la maliro. A Nachisale anafunsa kanjerwa kuti kagona kuti. Kutali ku holo, osawamva, Likongwe anavomera pa nthawi yake yeniyeni kuti kagona pamsana pa kanzake. Anafunsanso. Ulendo uno anavomera atatu: Likongwe, Aphunzitsi, ndi Gulo amene mawu ake anali ngati chitseko chosadzoza mafuta.

Nthawi ya pulogalamu inatha. Khwangwala anaima pakati monga mwa masiku onse kuti atsazike oonera.

"Kuchokera kuno ku mpikisano wa tinjerwa, ife tikuti, tsalani..."

Anaima pomwepo. Liwu lotsatira linamukanika. Anayang'ana pansi, anawerama pang'ono, ndipo kanema anatseka dzinalo lili lokha.

A Nachisale anapinda kansalu kawo n'kuimirira.

"Ndikuperekezeni?" anafunsa Aphunzitsi.

"Njira ndikuidziwa. Ndikufuna ndikasese m'nyumba. Mtsikana uja abwera ndi chikho, ndipo ndikufuna ndidzapapase zilembozo ndekha."

Yathera pamenepa nthano yanga. Masamba tawadutsa, amene munatsika panjinga mutha kukweranso.